Kusaka luso la anyamata ku South America: makalabu a ku Ulaya amapindula pati, amaluza pati?

Yamikani M.
Akuluakulu, ndithandizeni apa. Brighton inagula Moisés Caicedo ku Independiente del Valle ya ku Ecuador mu Febuluwale 2021 pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 4.5 miliyoni, ndipo mu Ogasiti 2023 inamugulitsa ku Chelsea pa mapaundi 115 miliyoni. Koma Real Madrid inapereka mayuro pafupifupi 30 miliyoni ku Flamengo mu Januwale 2020 pogula Reinier, mnyamatayo osasewerako ndi kamodzi komwe masewero ampikisano mu timu yaikulu, mpaka wabwerera kwawo ku Brazil mu 2025. Onse awiri luso anali nalo, palibe angatsutse. Ndiye kusiyana kuli pati? Ndi diso la osaka luso kapena pali china?

Che Jafali
Achimwene, diso lokha masiku ano silikupatsani mwayi woposa anzanu. Mwana aliyense wodziwa mpira ku Brazil amaonekera pa Copinha, mpikisano wa achinyamata wa mu Januwale womwe umasewedwa m'matauni a chigawo cha São Paulo ndipo ndime yotsiriza imakhala pa 25 Januwale. Matimu amapitirira 100. Osaka luso a ku Spain, England, Portugal ndi Germany amakhala pamipando yoyandikana, kuonera mwana yemweyo. Endrick atawala pa Copinha ya 2022 ali ndi zaka 15, panalibe kalabu yaikulu imene sinamulembe m'kabuku. N'chimodzimodzi ndi Sudamericano, mpikisano wa matimu a mayiko a ku South America, ya osapitirira zaka 17 ndi ya osapitirira zaka 20, komanso Copa Libertadores, mpikisano wa makalabu a ku South America, ya achinyamata.

Chimene chimasiyanitsa ndi zomwe munthu ukuyang'ana ukakhala pabwalopo. Chenga aliyense amaziona. Wosaka luso wodziwa ntchito amasiya mpira upite kwina, iye maso ali pa mwanayo. Amatembenuza mutu kuona kumbuyo mpira usanamufike? Akaulandira, kukhudza koyamba kumautengera komwe kuli mpata kapena amauimitsa kaye kenako n'kuganiza? Phazi lake lofooka amaligwiritsa ntchito akapanikizika kapena amazungulira mpira kuti augwire ndi phazi lomwe analizolowera? Akalandidwa mpira, masekondi asanu otsatirawo amathamangira woulandayo kapena amakweza manja kudandaula kwa oyimbira? Ndipo muzifika msanga muone mmene amatenthetsera thupi, muonenso nkhope yake akamutulutsa m'bwalo. Masewero amodzi sakwanira. Muoneni pakhomo, muoneni koyenda, muoneni timu yake ikugonja, muoneninso tsiku limene wotchinga kumbuyo wamkulu msinkhu wamuponda kawiri m'mphindi khumi zoyamba. Akabisala tsiku limenelo, mwaphunzira zambiri kuposa tsiku limene wamwetsa zigoli zitatu.

Anachisale
Che Jafali, ndikugwirizana nanu koma pali gawo limene limachitika munthu asanakwere ndege. Makalabu ambiri amayambira pa kompyuta. Wyscout ndi mapulogalamu ena onga iyo ali ndi makanema a ligi za ku Brazil, Argentina, Uruguay, Colombia, Ecuador ndi Paraguay, ndiye amayamba kusefa. Sefa yoyamba ndi yophweka: ndani akusewera ndi akuluakulu asanakwane zaka 19, ndipo wasewera mphindi zingati? Pansi pa mphindi 900 manambala amanama, chifukwa mwana wolowa chakumapeto adani atatopa amaoneka ngati chilombo. Pambuyo pake amayerekeza zochita zake pa mphindi 90 zilizonse ndi za anzake a malo omwewo mu ligi yomweyo.

Msampha waukulu ndi kanema wa mphindi zinayi amene ejenti amatumiza. M'menemo mulibe pasi yolakwika ngakhale imodzi. Lamulo labwino n'lakuti kanema wotere angokuuzani dzina, koma lipoti lilembedwe mutaonera masewero athunthu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo wina wachiwiri aonere payekha asanawerenge zomwe woyamba walemba. Akasemphana, wachitatu apite kubwalo.

Chinanso chimene manambala sanena ndi malo. Quito ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,850, Bogotá pafupifupi 2,600, La Paz pafupifupi 3,600. Kumeneko mpira umathamanga kwambiri mumlengalenga, ndipo alendo amatha mpweya chigawo chachiwiri. Wosewera pakati amene amaoneka wosatopa pakhomo ku Quito muyenera kumuonanso ku Guayaquil, kunsi kotentha, kuti mudziwe ngati ndi mapapo ake kapena ndi phiri likumuthandiza.

Mphatso K.
Nanga n'chifukwa chiyani timamva kuti wagulidwa lero koma apita patatha chaka ndi theka? Endrick anagulidwa mu Disembala 2022 koma ku Madrid anafika mu Julayi 2024.

A Gondwe
Funso limeneli ndi limene lili pakati pa nkhani yonse. Ndime 19 ya malamulo a FIFA okhudza kusamuka kwa osewera imaletsa mwana wosakwana zaka 18 kusamukira dziko lina kukasewera mpira. Zilipo zifukwa zochepa zololedwa: makolo asamuke pa zifukwa zosakhudza mpira, mwana akhale pafupi ndi malire osapitirira makilomita 50 kalabuyo ilinso chimodzimodzi, kapena kusamukako kukhale kwa m'kati mwa European Union mwana ali ndi zaka 16 mpaka 18. Lamuloli si lamasewera. Barcelona inaletsedwa kugula osewera chifukwa cha nkhani za ana mu 2014, Real Madrid ndi Atlético mu 2016, Chelsea mu 2019.

Ndiye njira yake ndi iyi. Ku Brazil mwana amasaina kontrakiti yake yoyamba ya ntchito akakwana zaka 16, ndipo FIFA silola kontrakiti ya wosakwana 18 kupitirira zaka zitatu. Kalabu yake imaikamo mtengo womuwombolera. Malamulo a ku Brazil amaika malire pa mtengowu ngati akupita ku kalabu ya m'dziko momwemo, kuchulukitsa malipiro a pamwezi ka 2,000, koma akamapita kunja malire palibe. Kalabu ya ku Ulaya imagwirizana ndi eni ake nthawi imeneyo, kusaina mapepala, kulipira gawo, koma mwanayo amakhalabe kwawo mpaka tsiku lokwanitsa 18. Vinícius Júnior zinayenda choncho: mgwirizano ndi Flamengo mu Meyi 2017 pa mayuro 45 miliyoni ali ndi zaka 16, kufika ku Madrid mu Julayi 2018. Estêvão wa Palmeiras ndi Kendry Páez wa Independiente del Valle anadikiranso mpaka 2025 kuti akhale a Chelsea.

Taganizirani tanthauzo lake kwa wogula. Mukupereka ndalama zonsezo pa thupi limene silinathe kukula, ndipo kwa miyezi 18 amene akusankha kuti asewera kangati, pa malo ati, ndi bondo lopweteka kapena ayi, ndi mphunzitsi wa kalabu ina amene akufuna kupambana Lamulungu likubwerali.

Yamikani M.
A Gondwe, ndamva. Koma Reinier anali atakwana kale 18 pomwe amagulidwa. Vuto linali chiyani?

A Gondwe
Pasipoti ndi malo mu timu. La Liga imalola osewera atatu okha ochokera kunja kwa European Union mu timu yaikulu, ndipo nthawi imeneyo malo atatuwo anali a Vinícius, Rodrygo ndi Éder Militão. Munthu wa ku South America atha kupempha unzika wa Spain atakhalako zaka ziwiri, koma mapepala amachedwa. Vinícius anaulandira mu Sepitembala 2022. Ndiye Reinier analibe khomo lolowera. Anamubwereketsa ku Borussia Dortmund zaka ziwiri, komwe malo ake anali ndi eni ake kale, ndipo anakhala pabenchi pa msinkhu umene mwana amafunika kusewera sabata iliyonse. Kenako Girona, Frosinone, Granada. Mayiko atatu, aphunzitsi osiyanasiyana, aliyense akudziwa kuti mnyamatayu si wake ndipo achoka pakutha pa chaka. Luso silinasowe. Chinasowa ndi yankho la funso lakuti ali ndi zaka 18 ndi 19 adzasewera kuti, pansi pa yani.

N'chifukwa chake wosaka luso wodziwa ntchito amafunsa za agogo a mwanayo tsiku loyamba. Ambiri ku Argentina, Uruguay ndi kummwera kwa Brazil ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Italy ndi Spain. Wokhala ndi pasipoti ya Italy satenga malo a mlendo, ndiye mtengo wake umakwera. Koma dziwani kuti Italy inakhwimitsa lamulo mu Malichi 2025: tsopano pakufunika kholo kapena gogo weniweni, osati makolo akutali monga kale. Osewera a mayiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, ku Spain ndi ku France satenga malo a mlendo chifukwa cha pangano la mayikowa ndi European Union, mwayi umene m'Brazil alibe.

Che Jafali
Tsopano onani mmene Brighton inachitira ndi Caicedo. Inamugula ali ndi zaka 19, atasewera kale mu Copa Libertadores komanso mu timu ya dziko lake. Miyezi yoyamba anaphunzira moyo wa ku England, kenako anamutumiza ku Beerschot ya ku Belgium komwe anasewera, n'kumubweza mu Januwale 2022. Mu Premier League anayamba mu Epulo 2022, patapita chaka ndi miyezi iwiri chimugulireni. Pomwe Yves Bissouma amagulitsidwa ku Tottenham chaka chomwecho, wolowa m'malo anali atakonzeka kale m'nyumba. Alexis Mac Allister naye anamugula ku Argentinos Juniors mu Januwale 2019 n'kumusiya ku Argentina, mpaka anasewerako Boca Juniors, asanabwere. Mlimi wa fodya sazula mbande ku nazale n'kukaiwokera kumunda tsiku lomwelo. Amayamba waichepetsera madzi kuti ikhwime, ndipo amadikira mvula yowokera.

Anachisale
Tisaiwale kuti England inasintha kwambiri kuyambira Januwale 2021, itatuluka mu European Union. Makalabu ake sangagulenso mwana wakunja wosakwana 18, ngakhale wa ku France. Wakunja amafunika chilolezo cha FA, bungwe la mpira la ku England, ndipo njira yaikulu yochipezera ndi yowerengera mapointi, ofunika ndi 15. Amachokera ku masewero a timu ya dziko, mphindi zomwe wasewera mu ligi, mphamvu ya ligiyo, ndi mipikisano ya makalabu a chigawo. Copa Libertadores anaiika pamlingo wapamwamba, ndiye mnyamata wa River Plate kapena Palmeiras amakwanitsa mapointi mosavuta kuposa kale. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene makalabu a ku England anayambira kugula okha ku South America m'malo modikira kuti Porto kapena Benfica ayambe yamuyesa. Wosaka luso wa ku England amawerengeratu mapointi asanalembe lipoti, chifukwa palibe phindu kukonda mwana amene sangalowe m'dziko.

Bambo a Tadala
Ndilowepo pa za ndalama, chifukwa mtengo umene timawerenga m'nyuzi si umene umatuluka m'thumba.

Choyamba, makalabu a ku South America anachenjera, sagulitsanso zonse. River Plate inagulitsa Enzo Fernández ku Benfica mu 2022 pa mayuro 10 miliyoni, kuphatikizapo ena 8 miliyoni odalira mmene achitire, koma inasunga 25 peresenti ya mtengo wodzamugulitsira m'tsogolo. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi Chelsea inapereka mayuro 121 miliyoni, ndipo River inalandira zambiri pa kugulitsa kwachiwiriku kuposa pa koyamba. Ndiye pokambirana, wogula amasankha: kulipira zambiri lero kuti gawo losungidwalo lichepe, kapena kulipira zochepa n'kudzagawana.

Chachiwiri, misonkho ndi magawo ena. Pa Franco Mastantuono mu 2025, River inalandira mayuro 45 miliyoni a mtengo womuwombolera, koma kalabuyo inalengeza kuti ntchito yonse inakwana mayuro 63.2 miliyoni misonkho ndi magawo a mabungwe zitawerengedwa. Amene wakonza bajeti ya 45 yekha wagwa nayo.

Chachitatu, 5 peresenti ya mtengo imapita kwa makalabu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Chaka chilichonse cha zaka 12 mpaka 15 ndi 0.25 peresenti, cha 16 mpaka 23 ndi 0.5 peresenti. Tiyerekeze mnyamata wagulitsidwa pa mayuro 40 miliyoni: 2 miliyoni ndi ya olera, ndipo kakalabu kakang'ono kamene kanamusunga zaka zinayi zoyambazo kamalandira 400,000. Ndalamazi tsopano zimadutsira ku FIFA Clearing House, nthambi ya FIFA yoona za malipirowa, ndipo zimatsata kaundula. Lamuloli ndi lomwelo kwathu kuno: mwana amene sanalembetsedwe ku FAM m'dzina la timu yanu, akadzagulitsidwa kunja simudzaona kanthu ngakhale munamulera ndinu.

Mphatso K.
Bambo a Tadala, nanga zija zoti wosewera ali ndi eni ake angapo zidakalipo?

Bambo a Tadala
FIFA inaletsa kuyambira pa 1 Meyi 2015 kuti kampani kapena munthu wapadera akhale ndi gawo pa mtengo wa wosewera. Zimene zinatsegula anthu maso ku England ndi nkhani ya Carlos Tevez ndi Javier Mascherano ku West Ham mu 2006, yomwe inathera pa chindapusa cha mapaundi 5.5 miliyoni. Koma kalabu yakale ikhoza kukhalabe ndi gawo, ndipo wosewera mwini wake akhoza kukhala nalo. Ndiye loya wa wogula amafuna kuona pepala lililonse: ndani ali ndi maperesenti angati, anasaina liti, ndipo ejenti amene akulankhula ali ndi kalata yosainidwa ndi makolo kapena ayi. Zimachitika kuti anthu atatu osiyana aliyense akuti ndi amene akuimira mwana mmodzi. Mukakambirana ndi wolakwika, mwamuuza mtengo wanu munthu amene akaunena kwa opikisana nanu madzulo omwewo.

Che Jafali
Ine ndibwerere ku thupi la mwana, chifukwa apa ndi pomwe ndalama zambiri zimatayikira mwakachetechete. Pa zaka 15 ndi 16, ana a chaka chimodzi amatha kusiyana kukhwima kwa thupi ndi zaka ziwiri kapena kuposerapo. Wokhwima msanga amagwetsa anzake ndi phewa, amawasiya pa liwiro, ndipo aliyense amati tapeza. Pofika 19 anzake am'peza, ndipo zimaoneka kuti sanaphunzire kuganiza msanga chifukwa sizinamufunikirepo. Choncho funsani: zimene akuchitazi akuchita ndi mutu ndi mapazi, kapena ndi thupi limene anzake alibe? Onani mwezi wobadwa, popeza wobadwa mu Januwale amasewera gulu limodzi ndi wobadwa mu Disembala. Onani kutalika kwa makolo. Pemphani kaundula wa msinkhu ndi kulemera kwa zaka ziwiri zapitazo. Kamnyamata kochepa thupi kamene kakupirira pakati pa zimphona kawirikawiri ndi kamene kali ndi malo okulira.

Anachisale
Ndipo zaka zenizenizo zitsimikizidwe. Nkhani ya mapepala a Byron Castillo, wosewera wa timu ya Ecuador, inafika mpaka ku khoti la zamasewero la CAS mu 2022, ndipo Ecuador inalandidwa mapointi atatu pa mpikisano wopitira ku World Cup ya 2026. Kalabu yosamala siidalira pasipoti yokha; imayerekeza ndi kalata yobadwira, kaundula wa kusukulu ndi tsiku limene mwanayo analembetsedwa koyamba ku bungwe la mpira.

A Gondwe
Pali chimodzi chimene sindikugwirizana nacho pa zomwe zanenedwa, chakuti njira ya Brighton ndiye yokhayo yanzeru. Real Madrid yomweyo, pansi pa mkulu wa osaka luso Juni Calafat, inagula Vinícius ndi Rodrygo pa mayuro 45 miliyoni aliyense, ndipo onse awiri anathandiza kutenga Champions League mu 2022 ndi 2024. Kalabu yotere imadziwa kuti pa ana anayi mmodzi kapena awiri alephera, ndipo ili ndi thumba lopirira zimenezo. Ikadikira kuti mwana ayambe wadziwonetsa ku Portugal, idzamugula kuwirikiza kawiri. Cholakwika ndi pamene kalabu ya thumba laling'ono itengera njira ya Madrid, kapena pamene yaikulu igula mwana chifukwa choopa kuti mnzake amutenga, isanadziwe komwe idzamuike.

Vitor Roque ndi chitsanzo cha nthawi yolakwika. Barcelona inagwirizana ndi Athletico Paranaense mu Julayi 2023 pa mayuro 30 miliyoni ndi zina zoonjezera, cholinga chili choti abwere pakati pa 2024. Wosewera wawo Gavi atavulala, anamufulumizitsa kubwera mu Januwale. Mnyamatayo anali atangochira kuvulala kwa kakolo, chaka cha mpira ku Brazil chitangotha mu Disembala, wopanda masabata okonzekera ndi anzake atsopano, ndipo kutsogolo kwake kuli Robert Lewandowski. Anasewera pang'ono, anabwereketsedwa ku Real Betis, ndipo kumayambiriro kwa 2025 anali atabwerera ku Brazil, ku Palmeiras. Manchester City ndi Julián Álvarez inachita mosiyana: kumugula mu Januwale 2022, kumusiya ku River mpaka Julayi, kuti afike pa nthawi yokonzekera.

Yamikani M.
Ndiye makalabu okhala ndi matimu angapo ali ndi mwayi pamenepa?

Bambo a Tadala
Ali nawo, ndipo n'chifukwa chake akugula matimu. City Football Group, kampani ya eni ake a Manchester City, ili ndi Montevideo City Torque ku Uruguay ndi Bahia ku Brazil. Savinho anachoka ku Atlético Mineiro kupita ku Troyes mu 2022, anabwereketsedwa ku PSV ndi ku Girona, n'kufika ku Manchester City mu 2024. Troyes ndi Girona ndi a banja lomwelo. Eni ake a Chelsea ali ndi Strasbourg. Phindu lake n'lakuti mumalankhula ndi mphunzitsi amene ali ndi chifukwa chomuseweretsa mwanayo. Kumbukiraninso kuti kuyambira Julayi 2024 FIFA imalola kalabu kubwereketsa kunja osewera asanu ndi mmodzi okha pa nthawi imodzi, kupatula achichepere amene inawalera yokha, ndipo wogulidwa ku Brazil ali ndi 18 sanafike pa gulu limeneli. Kuunjika ana 15 n'kuwamwaza mu Ulaya monse sikuthekanso.

Koma njira imapezeka ngakhale popanda banja lotere. Willian Pacho anachoka ku Independiente del Valle kupita ku Royal Antwerp mu 2022, Eintracht Frankfurt mu 2023, PSG mu 2024, ndipo mu 2025 anatenga Champions League. Sitepe iliyonse anali kusewera.

Mphatso K.
Funso lotsiriza kwa ine. Miyezi 18 yodikira ija, wogula amangokhala manja lende?

A Gondwe
Ayi, ndipo zambiri zimalembedwa mu mgwirizano momwemo. Amayamba ndi kumuyeza mokwanira asanasaine: mtima, mawondo, akakolo, msana ndi m'chiuno, chifukwa ana osewera ndi akuluakulu msanga amavutika ndi mafupa amene akukulabe. Amagula inshulansi yoteteza ndalama zawo ngati atavulala kwambiri. Malipiro amawagawa, gawo posaina, gawo pa tsiku lokwanitsa 18 chikalata chosamukira chikatuluka mu kaundula wa FIFA, zotsalazo akasewera masewero angapo ku Ulaya. Chimene sangachite n'kulamula kalabu yogulitsa kuti imuseweretse kapena imupumitse, chifukwa malamulo a FIFA amaletsa kalabu kulowerera pa zisankho za inzake. Ndiye zimadalira kumvana kwa madokotala ndi aphunzitsi olimbitsa thupi a mbali ziwirizo, amene amatumizirana malipoti a mphindi ndi zovulala.

Kunja kwa bwalo amamupezera mphunzitsi wa chinenero kuyambira mwezi woyamba, osati atafika. Amamutengera kukaona mzinda ndi bwalo lochitira zokonzekera pa nthawi ya tchuthi. Amakonzeratu amene adzakhale naye m'nyumba chaka choyamba, mayi, bambo kapena mkulu wake, ndi mapepala awo okhalira m'dzikomo, chifukwa chilolezo cha wosewera sichilowetsa banja lonse chokha. Ndipo tsiku lofikira amaliika mu Julayi wotsatira, ngakhale mwanayo atakwanitsa 18 mu Novembala.